ANA A SUKULU KU MUNDA WA NYAMA: KODI KUONA NDIKO KUPHUNZIRA?

Kholo likamva kuti sukulu ikukonza ulendo wakuti ana akaone nyama zakuthengo zosungidwa mu mpanda, limayamba lafunsa za ndalama: basi ilipidwa zingati, pa chipata afuna zingati, nanga kamba wa pa njira achokera kuti? Mafunso amenewa ngoyenera ndithu. Koma lilipo lina limene kawirikawiri limatsalira m'mtima, ndipo ndi ili: kodi mwana pobwera madzulo adzakhala atadziwa chiyani chimene sadachidziwe m'mawa? Ambiri a ife timayesa kuti yankho lake nlapafupi. Timati mwana waona mkango ndi maso ake, tsono wadziwa mkango. M'phunziro lino tifuna kuonetsa, makamaka kwa inu aphunzitsi ndi akatekisi amene mumatsogolera ana pa maulendo, kuti mwana wosiyidwa yekha pamaso pa nyama angathe kubwerako ndi maganizo okhota koposa amene adapita nao. Chitsanzo chathu titenga ku London, pakuti kumeneko nkhaniyi idayesedwa ndi kuwerengedwa mosamala.

MUNDA WA MITIMA IWIRI

Malo otere Angerezi amawatcha zoo, ndiko kufupikitsa dzina lao lakale lotanthauza minda yophunziriramo za nyama. Ife tizingoti munda wa nyama. Wa ku London udayambitsidwa ndi bungwe la Zoological Society of London, limene Sir Stamford Raffles ndi anzake adalikhazikitsa mu 1826. Mundawo udatsekulidwa mu 1828 m'dera la Regent's Park, koma poyamba ankalowamo ndi a m'bungwemo okha pamodzi ndi alendo ao, chifukwa cholinga chinali chakuti anthu ophunzira azipenda nyama. Anthu wamba adawalola kulowa polipira mu 1847, ndipo chimene chidawatsekulira chipata ndicho kusowa kwa ndalama m'thumba la bungwe. Kuyambira pamenepo munda udakhala ndi mitima iwiri: wina wofuna kuphunzitsa, wina wofuna kukopa khamu lolipira pa chipata.

Mtima wachiwiriwu udalamulira nthawi yaitali. Mvuu yotchedwa Obaysch itafika mu 1850 kuchokera ku mtsinje wa Nile, chiwerengero cha odzaona chidawirikiza kawiri. Njovu Jumbo, imene idabwera mu 1865, inkabereka ana pamsana kuzungulira munda mpaka idagulitsidwa kwa P. T. Barnum wa ku America mu 1882. Kuyambira 1926 kufikira 1972 kunali mwambo wokhazika anyani aakulu a mtundu wa chimpanzi pa tebulo kuti azimwa tiyi ngati anthu, ana nkumafa nacho chiseko. Taganizani, abale: mwana woonerera zimenezo ankaphunziranji za chimpanzi? Ankaphunzira kuti ndi chidole choseketsa, chokhala pa mpando ndi kapu m'manja. Za nkhalango za mu Afrika, kumene nyamayi imadzilukira pogona m'mitengo usiku uliwonse, sadamveko ndi pang'ono pomwe. Mwanayo adaona ndi maso ake enieni, koma chimene adaonacho chinali bodza.

Komabe mtima woyamba uja sudafe. Adamanga nyumba ya njoka ndi abuluzi mu 1849, ya nsomba mu 1853, ya tizilombo mu 1881, ndipo mu 1938 adatsekula kamunda ka ana okhaokha. Lero kuphunzitsa sikulinso kwa chifuniro cha mwini munda iai, koma ndi lamulo. Lamulo la ku Britain la mu 1981 lidati munda uliwonse wa nyama ukhale ndi chilolezo ndipo uziyenderedwa. Litakonzedwa mu 2002, potsata lamulo la maiko a ku Ulaya la mu 1999, lidaonjeza kuti munda uziphunzitsa anthu za kasungidwe ka mitundu ya zolengedwa.

Tsono sukulu ikafuna kupita, imalembetsa tsiku lake nthawi ikadalipo, ndipo ili ndi njira ziwiri. Ingathe kungolowa, ana nkumayenda ndi aphunzitsi ao pamodzi ndi makolo owerengeka operekeza. Kapena ingathe kupempha phunziro kwa mmodzi wa aphunzitsi a pa mundapo, amene nchito yao ndi yomweyo tsiku ndi tsiku. Iwo amalinganiza phunziro ndi msinkhu wa ana: aang'ono amawauza za ubweya, nthenga ndi mamba, okulirapo za malo okhala nyama ndi kadyedwe kake, aakulu za zifukwa zimene mitundu ina ikuthera.

ZIMENE ADAPEZA POWERENGA

Kodi njira ziwirizi zimabala zipatso zofanana? Eric Jensen, wa ku yunivesite ya Warwick, adayesa ana 2,839 a zaka 7 kufikira 15 amene adafika ku munda wa ku London ndi sukulu zao. Adawapatsa mafunso asadalowe ndiponso atatuluka, ndipo mwa zina adawapempha kuti ajambule malo akuthengo amene amawakonda, pamodzi ndi nyama ndi zomera zokhala kumeneko. Njira imeneyi njanzeru, chifukwa mwana angathe kuloweza mau osawamvetsa, monga katekisi aliyense akudziwa bwino, koma chithunzi chimaulula zimene zili m'mutu mwake. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Conservation Biology. Mwa ana 100 alionse amene adalandira phunziro la mphunzitsi wa pa munda, 41 adaonetsa kuti aphunzira kanthu. Mwa 100 alionse amene adangoyenda opanda phunzirolo, adaonetsa 34.

Manambala amenewa anthu amawawerenga mosiyana. Okonda minda ya nyama amakondwa nati: onani, tsiku limodzi lokha lasintha ana ochuluka chotere. Otsutsa minda amati: onani, ana oposa theka sadaonetse kuti aphunzira kanthu. Onsewo akunena zoona, ndipo ife sitiyenera kukuza 41 uja ngati kuti ndi 100. Koma Jensen adapezanso chinthu chachitatu, chimene ife tiyesa kuti ndicho chachikulu: ana ena adatuluka akumvetsa nyama ndi malo ake moipa koposa muja adalowera, ndipo kubwerera m'mbuyo kotereku kudachuluka pakati pa ana opanda owalongosolera. Ndiye kuti kholo lingathe kulipira basi ndi chipata, mwana nkukagula nazo cholakwa.

Kodi zimatheka bwanji? Chifukwa chake nchakuti munda wa nyama si thengo. M'menemo nyama za maiko otalikirana zimayandikana ngati nyumba za pa mudzi umodzi. Chakudya chimabwera m'ndowa pa nthawi yake. Pansi nkutheka kukhala simenti, kutsogolo galasi. Munthu wamkulu amachotsa zonsezi m'maganizo mwake osazindikira nkomwe kuti akuchotsa. Mwana alibe chochotsera: chimene waona, kwa iye ndi momwe zinthu ziliri. Zikwangwani zilipo ndithu pa khola lililonse, koma ndani adaona mwana wa zaka 8 ataima kuwerenga chikwangwani pamene nyama ili kuyenda patsogolo pake?

Tengani mikango. Ya ku London si ya mu Afrika iai, koma ya ku India, ya mtundu umene watsala m'dera la nkhalango ya Gir m'chigawo cha Gujarat, kumene mu 2025 adaiwerenga nkupeza 891. Malo ake, amene adatsekulidwa mu 2016, adawamanga mofanizira mudzi wa kumeneko, mpaka adaikamo siteshoni ya sitima ndi timasitolo. Omanga adafuna kuonetsa kuti mikango imeneyi imakhala pafupi ndi anthu ndi ziweto zao. Ganizo labwino, koma mwana wosauzidwa adzangoti mikango imakhala pa siteshoni. Tenganinso apengwini, mbalame za m'nyanja zija zosauluka, zoyenda choimirira. Pa zithunzi za m'mabuku mwana adazolowera kuziona pa madzi oundana, koma za ku London nza mtundu wa Humboldt, kwao ndi magombe ouma a ku Peru ndi Chile, kumene zimaikira mazira m'maenje ndi m'mapanga. Popanda womuuza, mwana adzaziyang'ana nthawi yaitali, nkukazijambulabe pa madzi oundana.

NYAMA IMENE IDASOKONEZA AKATSWIRI

Chitsanzo chokoma koposa ndi okapi, nyama ya m'nkhalango zowirira za ku Congo. Thupi lake nlofiirira moderapo, koma miyendo ndi ntchafu zili ndi mizere yoyera. Mwana aliyense akaiona amafuula kuti mbidzi. Musamuseke, pakuti adalakwa chimodzimodzi anthu ophunzira kwambiri. Sir Harry Johnston, yemwe uja adalamulira dziko lino ali ku Zomba kuyambira 1891 kufikira 1896, pambuyo pake adatumidwa ku Uganda, ndipo mu 1900 adapeza tizidutswa tiwiri ta chikopa cha nyamayi natitumiza ku London. Mlembi wa bungwe la munda, Philip Sclater, ataona mizere ija adaiika nyamayo m'gulu la akavalo ndi mbidzi. Mu 1901 chidafika chikopa chathunthu pamodzi ndi zigaza ziwiri, ndipo pamenepo padaoneka kuti okapi ndi mbale wake wa nyamalikiti, imene ena amati kadyansonga. Dzina lake m'mabuku a sayansi lidakhala Okapia johnstoni. Tinene pambali kuti anthu a m'nkhalangomo adaidziwa nyamayi kuyambira makolo ao, ndipo dzina lakuti okapi lidachokera kwa iwo. Amene adachedwa kuidziwa ndi a ku Ulaya.

Tsono mphunzitsi wabwino amachitanji mwana akati mbidzi? Samukanira msanga, ndiponso samupatsa yankho lophikaphika. Amamufunsa: tayang'ana phazi, chiboda chili chimodzi ngati cha bulu, kapena chogawanika ngati cha ng'ombe? Tayang'ana pakamwa, ikubzikula kodi? Nanga lilime ilo, lalitali ndi lakuda, lokoka masamba pa nthambi, udaliona pa nyama iti? Nanga tinyanga ito ta yamphongo, tokutidwa ndi khungu? Kenaka amapita naye ku nyumba ya anyamalikiti, imene idamangidwa mu 1837 ndipo ikugwirabe nchito yomweyo, namuuza kuti afanizire. Mwana amene wadzipezera yekha ubalewo sadzauiwala, ndipo waphunzira china choposa dzina la nyama: waphunzira kuti chovala chimanyenga, ndi kuti poika nyama m'mabanja timayang'ana mapazi, mano ndi chigaza. Phunziro lonseli silitha mphindi khumi. Koma popanda wofunsa mafunsowo, mwana amapitirira ali ndi mbidzi yake m'mutu.

ULENDO UMAYAMBIRA M'KALASI

Chinthu china chimene aphunzitsi ambiri sachiganizira ndi mtima wa mwana wofika pa malo achilendo. John Falk ndi anzake adachiyesa pa ana a sukulu opita ku National Zoo ya mu Washington, monga iye ndi Lynn Dierking adalongosolera m'buku lao la mu 1992 lotchedwa The Museum Experience. Ulendo usadachitike, gulu lina adaliphunzitsa za nyama zimene likaone. Lina adaliphunzitsa kapenyedwe. Lina adangoliuza za ulendo weniweniwo: tidzayenda motere, tidzadya nthawi yakuti pa malo akuti, chimbudzi chili apa, sitolo ili apo, nyama zimene mukuzilakalaka mudzaziona ndithu. Ndani akadaganiza kuti opambana pa kuphunzira adzakhala a gulu lachitatuli? Koma zidatero. Ndipo tikaganiza bwino sizodabwitsa. Mwana amene m'mtima akudandaula kuti kapena mkango sauona, kapena akusowa pokataya madzi koma akuchita manyazi kufunsa, makutu ake ngotseka ngakhale mphunzitsi alankhule zokoma bwanji.

Motero tsiku lisadafike, akhazikeni anawo pansi ndi kuwauza zonse za ulendo mosabisa. Ngati pali mapu a malowo, aonetseni. Mukafika, musayambe ndi phunziro. Alekeni ayambe akhutitsa maso ndi nyama imene amaifunitsitsa, pambuyo pake mitima idzatsika. Ndipo musafune kuona zonse. Munda wa ku London ndi waung'ono, maekala 36 okha, komabe muli mitundu mazanamazana ya nyama. Kuthamanga ndi ana khola ndi khola kuti ndalama ya pa chipata iwomboledwe ndiko kuitaya ndalamayo. Sankhani nyama zitatu kapena zinai, ndipo pa iliyonse muime nthawi yokwanira kuti mwana aone ikudya, ikuyenda, ikusamala mwana wake. Funso lomupatsa likhale lofuna maso, osati lofuna kukopera chikwangwani. Kulemba kulemera kwa mvuu kuchokera pa bolodi si kuphunzira. Kuyang'ana pamene pali maso, makutu ndi mphuno zake, ndi kunena chifukwa chake zili pamwamba pa mutu, ndiko kuphunzira.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ku London mwambiwu umakwanira monga uliri, pakuti zina mwa zolengedwa za mtengo wapatali m'mundamo ndi nkhono zenizeni. Ndi tinkhono ta m'mitengo totchedwa Partula, tating'ono ngati chikhadabo, ta ku zilumba za Tahiti ndi Moorea ndi zinzake m'nyanja ya Pacific. Mbiri yake njomvetsa chisoni. Mu 1967 anthu adatengera ku Tahiti nkhono yaikulu ya kuno ku Afrika kuti ikhale ndiwo. Idathawa, idaswana, nkuyamba kuononga mbeu. Pofuna kuithetsa adabweretsa nkhono ina ya ku Florida yodya nkhono zinzake, imene idafika pa Moorea mu 1977. Koma iyo idasiya yaikulu ija nkumadya tating'ono ta m'dzikomo, mpaka mitundu yambiri idatheratu. Totsala ochepa adatitola natisunga m'mabokosi a galasi ku London ndi m'minda ina, ndipo kuyambira 2015 akhala akutibwezera kwao. Gulu la ana lopanda mtsogoleri limadutsa pa mabokosi amenewa osacheuka, chifukwa nkhono sibangula. Koma mwana woimitsidwa pamenepo ndi kuuzidwa nkhaniyi wamva m'mene cholakwa chimodzi chimaberekera chinzake munthu akamasuntha zolengedwa mosaganiza, ndipo phunziro lotere mkango sungathe kumupatsa.

FUNSO LOVUTA

Pa gulu lililonse pamakhala mwana mmodzi amene amaima chete pa khola, kenaka nkufunsa: Aphunzitsi, kodi nyamayi idalakwanji kuti aitsekere? Funso limeneli musalizembe, ndipo musaname. Nyama ikamayenda njira imodzimodzi, kupita ndi kubwera osaleka, si kuti ikusewera. Kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti malo kapena moyo wa m'kholamo sukuikwanira. Eni munda omwe amavomereza kuti nyama zina siziyenera mu mzinda: mu 2001 njovu za ku London adazisamutsira ku Whipsnade, munda wina wa bungwe lomwelo wa maekala 600, umene udatsekulidwa mu 1931 kunja kwa mzinda. Muuzeni mwanayo zimenezi.

Muuzeninso mbali inayo. Ku Whipsnade komweko kuli nyama zonga nswala, za nyanga zanthambi, zodziwika ndi dzina la Bambo Armand David, wansembe wa ku France wa chipani cha Vinsenti Woyera, amene adaziona mu 1865 posuzumira pa linga la munda wa mfumu ya China pafupi ndi Beijing. Madzi osefukira ndi nkhondo ya mu 1900 zidazitha m'dziko lao. Zidapulumuka chifukwa mwini malo a Woburn Abbey ku England adasonkhanitsa 18 zotsala m'minda ya ku Ulaya naziweta, ndipo mu 1985 zidzukulu zake zidayamba kubwerera ku China. Pakadapanda mpanda, mtundu umenewo ukadatha. Komatu nswala ya Bambo David sikhululukira khola lililonse lopanikiza. Pali minda yosunga mitundu, palinso minda yongosunga ndalama, ndipo mwana wa zaka 12 angathe kumvetsa kusiyanako ngati mumulemekeza ndi yankho loona.

Musaiwale mwambo. Ana auzidwe asadalowe kuti kugogoda galasi, kuponya chakudya, kukuwa ndi kutosa nyama ndi ndodo nkoletsedwa, ndipo auzidwe chifukwa chake. Wamkulu aliyense woperekeza apatsidwe kagulu kake ndi maina olembedwa, awerenge ana ake pa chipata polowa ndi potuluka, ndipo aonetsetse kuti amene wakhudza nyama wasamba m'manja asadadye.

Njira ya Jensen ija mungathe kuichita inunso popanda ndalama, kaya mukupita ku munda wa nyama kaya ku malo ena alionse osungirako nyama. Sabata la ulendo lisadafike, patsani mwana aliyense pepala kuti ajambule nyama imodzi mwa zimene mwasankha, pamodzi ndi kumene imakhala ndi chimene imadya. Lembani dzina lake kumbuyo ndi kusunga. Mukabwerako, papite masiku awiri kapena atatu, ajambulenso. Ikani mapepala awiriwo pamodzi, ndipo mwanayo alongosole yekha pamaso pa anzake chimene wasintha ndi chifukwa chake. Mukapeza wina wajambula nyama yake ili m'kati mwa waya ndi ndowa ya chakudya pambali, kapena mkango utagona pa njanji, musamudule malikisi: mufunseni kuti nyamayo ikadapanda munthu woipatsa ndowayo ikadadya chiyani, ikadamwa kuti, ikadagona pati, ndipo phunziro la tsiku limenelo liyambire pa yankho lake.